Njovu za Raimundo

Lolemba, 7 Okotobala

Kutentha kuyambira m'mawa. Fani ya mu ofesi ikungozunguza mpweya womwewo.

Ndakumbukira tsiku limene mlongo wanga wamkulu Raimundo, amene timangowatcha Mano, anandikhazika koyamba pa kompyuta ya bungwe lathu la alimi. Kalekale, ndevu zawo zikali zakuda, atangobwera kumaphunziro ku Lusaka. Masau ouma m'thumba la shati, akudya uku akulemba. Anandionetsa matebulo amene anapanga mu detabesi, nkhokwe ya zolemba zathu: mabanja, minda, njovu. La njovu ndi lolembamo munda umene wadyedwa, wa ndani, liti. Ndinafunsa chifukwa chake kutsogolo kwa tebulo lililonse kuli dzina lawo. "Imeneyo ndi sikima, Thecla. Ili ngati mpanda wa pakhomo, matebulo ndi nyumba za m'katimo. Ukafuna nyumba, yamba watchula khomo." Chiyambire pamenepo ndimalemba raimundo.njovu tsiku lililonse la ntchito. Zala zimapita zokha.

Lero kompyuta yandikanira. A ku Lusaka amene amathandiza bungwe akufuna kuti munda uliwonse wodyedwa ulembedwe ndi malo ake a pa mapu mvula isanagwe. Popanda zimenezo, mabanja a kwa Mphuka salandira waya wotchinga njovu chaka chino. Ndinayesa kuwonjezera kolamu ya malowo. Yankho: sindine mwini tebulo. Zaka zonsezi chilolezo changa ndi cha kuwerenga ndi kulembamo basi. Kusesa m'nyumba ndingasese, koma kuboola zenera ai.

Lachiwiri, 8 Okotobala

Kwabwera a Bornface, katswiri wa makompyuta wa a ku Lusaka aja. Munthu wansangala, thukuta mpaka m'makutu. Anayang'ana pa sikirini n'kuseka. "Amai, kansi njovu zonse za mu Luangwa ni za ba Raimundo? Nanga sitiwalipiritsa bwanji chimanga?" Ndinaseka nao.

Anayesa kuchotsa akaunti ya Mano, poti anasiya ntchito. Kompyuta inakana. Akuti munthu sachotsedwa akali ndi katundu m'dzina lake. Sikima ndi yawo, matebulo onse ndi awo. Njira zilipo ziwiri: kufafaniza munthu pamodzi ndi zonse zake, kapena kusamutsira katunduyo m'manja ena. Yoyambayo ndinawagwira dzanja asanamalize kufotokoza. M'menemo muli minda ya anthu amene tinawaika kale m'manda.

Pasiwedi ya Mano palibe aidziwa. Ya woyang'anira wamkulu wa detabesi nayonso inali m'mutu mwawo. A Bornface akuti si vuto, makina ali pano, angathe kulowera kuseri n'kudzipatsa mphamvu, tiyi asanazizire. Ndinawapempha adikire. Anavomera.

Lachinai, 10 Okotobala

Sindinawauze chifukwa. Ndilembe pano.

Mano ali moyo. Ali tsidya la mtsinje, ku Zumbo, kwa mwana wawo Nilza. Chiwagwirire sitiroko chaka chatha sanatulukepo pa geti. Dzanja lamanja linafa, pakamwa panapotoka, mau amatuluka movutika. Munthu amene ankawerenga mu tchalitchi popanda maikolofoni. Safuna aliyense wowadziwa kale awaone. Ndinaoloka pa Khisimisi ndi nkhuku m'manja, ndinathera pa khonde. Nilza, amene amanditcha Tiya m'malo mwa azakhali, akulira: "Tiya, akuti agona." Ndinkamva wailesi yawo ikusinthidwa m'chipinda.

Kwathu katundu wa munthu amagawidwa maliro atatha. Malaya, njinga, khasu, abale atakhala pansi. Kugawa za munthu wamoyo ndi kumuuza kuti tinakuika kale. Ndikudziwa, awa ndi matebulo a mu kompyuta, si njinga. Koma Mano akadzamva kuti tinathyola chitseko n'kuchotsa dzina lawo, adzati chiyani? Adzati Thecla nayenso wavomera.

Ndatumiza uthenga kwa Nilza. Sindinapemphe pasiwedi. Ndangoti auze atate ake kuti nyumba yawo ikufunika zenera ndipo mwini yekha ndiye angaboole.

Lamulungu, 13 Okotobala

Palibe yankho.

Titatuluka mu tchalitchi anandiimitsa a Dismas a kwa Mphuka. Mapira awo anatha usiku umodzi mu Epulo, njovu zinasiya mapesi okha. "Mai Thecla, wayayo tiuone, kapena tigonenso pa nsanja ndi zitini?" Ndinati tikukonza. Bondo lawo lotupa, ndodo m'manja. Munthu wotere kugona kumunda kuimbira njovu zitini.

Ndiye ndikusunga ulemu wa Mano ndi minda ya anthu ena. Zandilemera tsiku lonse.

Lachiwiri, 15 Okotobala

Malaiti anapita m'mawa, tinakhala pansi pa mtengo ndi a Bornface. Anajambula ndi kamtengo pa dothi. Akuti kulakwa kwa akale ambiri kunali kumanga zonse m'dzina la munthu mmodzi. M'makina ena dzina la munthu ndi sikima yake ndi chinthu chimodzi, sungazilekanitse. M'athuwa ai. Khomo ndi khomo, mwini ndi mwini. Amafuna apange mwini amene si munthu, dzina lake bungwe. Sikima ndi matebulo zikhale zake. Ife antchito tizilowa pansi pake, wina akapuma ntchito atuluke, nyumba osagwedezeka.

Ndi nzeru. Inenso tsitsi layera, tsiku lina adzafuna kuchotsa akaunti yanga.

Ndinafunsa ngati mwini akasintha, dzina la khomo liyenera kusintha. Anati ai, sikima ingapitirize kutchedwa raimundo ngakhale mwini ali bungwe. Ndinaganiza za midzi ya m'mbali mwa Zambezi, yotchedwabe maina a anthu amene palibe anawaona. Mtima unatsika pang'ono.

Koma andipatsa malire. Lachisanu la sabata la mawa akubwerera ku Lusaka. "Amai, nikapita osasiliza, waya ipita ku boma ina. Pa Chinai nizathyola, munikhululukire." Ndavomera. Sindingathe kuyang'ananso a Dismas m'maso.

Lachisanu, 18 Okotobala

Mitambo kumadzulo, yopanda madzi. Ku msika nsomba zouma zakwera, ndagula kapenta.

Nilza waimba foni. Akuti anawauza atate ake. Iwo anangotembenukira ku khoma. Chakudya cha masana sanadye.

Mwina ndawapweteka. Mwina kukanakhala bwino kuthyola mwakachetechete, iwo osadziwa.

Lolemba, 21 Okotobala

Ndayamba kulemba malo a minda pa mapepala, kuti zenera likatseguka ndingolowetsa. Dzanja likuwawa. Pofufuza ndinatsegula mizere yoyambirira ya raimundo.minda. Munda woyamba kulembedwa ndi wa amai athu, ku dimba kuja tinkathamangitsa anyani tili ana. Anauika poyesa makina, sanauchotse. Ndinatseka ofesi msanga.

Lachitatu, 23 Okotobala

Nilza waimba ndili pa mpopi. Ndinayamba ndakhala pansi, poyesa ndi uthenga wa maliro.

Si zimenezo. Akuti kuyambira Loweruka atate ake akhala akupempha foni yake, kumalemba ndi dzanja lamanzere, kufafaniza, kulembanso. Iye ankayesa akusewera. Lero amuuza kuti asite shati yoyera ndipo akalankhule ndi a Simão, mwini boti. Ndinati ndioloke ndine, tinyamule makina ndi a Bornface. Akuti akana. Mau awo, Nilza anawabwereza monga anatulukira, limodzilimodzi: "Khomo ndi langa. Makiyi ndikapereka ndekha."

Anawonjezanso kuti wa ku Lusakayo asawagwirire dzanja pa kiyibodi, ndipo pa doko pasakhale gulu. Ine ndekha.

Ndauza a Bornface. Akuti mawa sathyola kanthu, adzangokhala pambali ngati mboni, ndipo adzafunsa za chimanga chija.

Abwera pa boti ya m'mawa, mawa. Mpando wawo wakale uli m'chipinda chosungira katundu, mwendo umodzi ndi wogwedera, ndipeze msomali. Masau a chaka chino ndinasungako m'chitini, sindikudziwa ngati angathe kutafuna. Ndiwanyamulabe.