Foni Imene Ndinaisandutsa Kompyuta

Lachitatu, 14 Ogasiti

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi banja lonse, ndiponso kuti msana uja wayamba kukumverani chisoni. Kuno matupi ali bwino. Mudabwa kulandira kalata ya pamanja kuchokera kwa munthu amene amadyera makompyuta. Sabata ino ndakuimbirani kawiri, ndipo kawiri konse tinangokamba za nyengo ndi za sukulu ya ana, ine n'kudula ndisananene chimene ndinaimbira. Pepala silimudula munthu pakamwa, mwina pano ndifika kumapeto.

Ndikulemba nthawi ya nkhomaliro kuno ku ofesi, chitseko nditatseka. M'dirowa yanga muli fomu ya masamba awiri imene alamu anu akufuna ndisaine pofika Lachisanu. Ikunena kuti ine, monga katswiri wa makompyuta, ndikuchitira umboni kuti makina amene iwo anagwiritsa ntchito pa tsiku la mayeso anali oyenera, ndipo kuti cholakwa chinali cha bungwe loyendetsa mayesowo. Achimwene, si zoona. Cholakwa ndi changa, ndipo iwo sakudziwa.

Mukukumbukira kuti akhala akukonzekera mayeso olowera maphunziro a unamwino wa m'chipinda cha opaleshoni. Mayesowo amalembedwa kamodzi pa chaka, pa intaneti, aliyense ali kwawo, kamera ikumuyang'anira. Awerenga miyezi isanu ndi itatu. Akaweruka ku chipatala ankafikira pa tebulo la pabalaza asanavule n'komwe nsapato zoyera zija. Khoma la kukhitchini analidzaza ndi mapepala a mayina a zitsulo za opaleshoni, moti mwana wathu tsopano amadziwa mitundu isanu ndi iwiri ya sizasi.

Mu Juni laputopu yathu yakale inafa. Inu mutamva munati muli ndi ina imene ikungokhala, mutitumizire. Ndinakuyankhani kuti, "Musavutike, ndakonza kale." Ndinali ndisanakonze kanthu. Ndinali nditangotopa kukhala mng'ono wotumiziridwa zinthu, munthu wa zaka makumi anayi, dipuloma ili pakhoma.

Chimene ndinali nacho m'mutu ndi ichi. Foni iliyonse ili ndi pulogalamu yaikulu imene imayendetsa zonse, ndipo opanga amaitsekera kuti wina asaigwire. Munthu wodziwa akhoza kuthyola loko ameneyo, n'kuchotsa pulogalamuyo, n'kuikamo ya pa kompyuta ya patebulo. Ndinali nditawerenga za zimenezi kwa zaka ziwiri, manja akuyabwa. Foni yanga sinali ya mtundu wololeza, koma ya alamu anu inali.

"A Injiniya," anatero nditawafotokozera, poti ndi momwe amandiitanira akafuna kundiseka, "foni yanga sikudwala. Opaleshoniyi ndi ya chiyani?"

"Ndi ntchito ya theka la tsiku, mayi," ndinatero.

"Nafenso odwala timawauza choncho."

Komabe anandipatsa. Inanditengera masiku atatu a Loweruka. Tsiku limene inayaka, nditailumikiza ku sikirini yakale, kiyibodi ndi mausi, kanthu kolowa m'thumba la malaya kanaonetsa nkhope yonse ya kompyuta. Ndinazungulira tebulo kawiri ngati mwana. Chithunzi chija ndinakutumizirani ndinajambula tsiku limenelo, ndipo mukaonetsetsa muona kuti ndinadziika bwino pakati.

Zotayika zinayamba kuonekera mawa lake. Pulogalamu ya kubanki inakana kutseguka. Ya ku chipatala, yoonetsa ndandanda ya mashifiti, inakananso. Ya mauthenga inkalola kulemba kokha, kuimba ayi, ndipo batire linkatentha moti ndinkaika foniyo pa mbale yachitsulo. Alamu anu anafukula kafoni kamabatani m'bokosi la zakale n'kumayenda nako, ndandanda n'kumakopera pa dzanja kwa anzawo. "Ku wodi akuti ndikagulenso wailesi ya mabatire, zikwanire," anandiuza akuseka. Sanadandaule. Ankati bola mayeso.

Mumandidziwa, sindichita chinthu popanda kulemba. Ndinatenga kope n'kundandalika zinthu makumi atatu ndi chimodzi zoyenera kuyesa: intaneti, mawu, magetsi akazima, chingwe chikasololoka, ngakhale kuwala kwa pawindo nthawi ya naini koloko. Nambala 27 inali pulogalamu ya mayeso yeniyeniyo, imene bungwe limatumiza kuti itseke zina zonse pa kompyuta ndi kuyang'anira kamera. Vuto lake n'lakuti inalembedwera ubongo wa makompyuta wamba, pomwe ubongo wa foni ndi wa mtundu wina, sizimvana chinenero. Pali pulogalamu ina imene imakhala pakati ngati womasulira. Ndinaiikamo, ndipo pa zinthu zambiri inkamasulira bwino.

Kutatsala milungu iwiri, bungwe linatsegula tsiku limodzi loyeserera. Alamu anu anali ku ntchito, choncho ndinayesa ndekha. Pulogalamu inatseguka, inalandira nambala yawo, koma itafika poyesa kamera panabwera bokosi lakuda ndi mawu ofiira akuti makinawa sakudziwika. Kenako inadzitseka. Kachiwiri chimodzimodzi, kachitatu chimodzimodzi. Kachinayi nkhope yanga inaonekera. Ndinawerenga masekondi khumi ndi imodzi isanazimenso.

Achimwene, ndinatenga cholembera n'kuchonga pa nambala 27.

Ndinadziuza kuti chinthu chikayaka kamodzi ndiye kuti chingathe, zotsalazo ndikonza. Milungu iwiri yonseyo ndinawerenga, ndinasintha izi ndi izo, koma tsiku loyeserera linali litadutsa, panalibenso poyesera. Tsiku lina aphunzitsi a nyumba yoyandikana nafe anatipeza pakhonde n'kuti, "Ngati mukufuna, tengani laputopu yanga tsiku limenelo. Ine ndidzakhala ndikulimbana ndi ana a eni m'kalasi." Alamu anu anandiyang'ana. Panangofunika mawu amodzi okha, zikomo. Ine ndinati zonse ndayesa, mfundo makumi atatu ndi imodzi.

"Eee, pepani," anatero aphunzitsi, "tinaiwala kuti tikulankhula ndi eni ake a makina."

Tonse tinaseka, ine kwambiri.

Mayeso anali Lachinayi lapitali, naini koloko m'mawa. Ndinapempha tchuthi. Alamu anu anavala bulauzi yosita chifukwa cha kamera, n'kuika kapu ya madzi pambali. Kutatsala mphindi makumi awiri, bokosi lakuda lija linabwera. Ndinazimitsa n'kuyatsanso, ndinasintha chingwe, ndinachita zonse zimene ndinkadziwa kuti sizithandiza. Naini itakwana ndinathamangira kwa aphunzitsi ndili ndi masokosi okha, ndinapeza loko pachitseko. Lamulo limati wochedwa ndi mphindi khumi ndi zisanu salowanso. Nditabwerera ndinapeza alamu anu akhala momwe ndinawasiyira, manja pamiyendo, akuyang'ana wotchi ya pa sikirini.

"Ndi netiweki?" anafunsa.

"Ayi."

"Ndi ifeyo?"

Ndinati, "Zikuoneka kuti ndi kwa iwowo. Makina awo alemedwa ndi anthu."

Bodzalo linatuluka mosavuta ngati ndinalikonzekera, ndipo mwina ndinaterodi.

Ndinkaganiza kuti alira, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma mukuwadziwa alamu anu. Anaimbira ku bungwe pa kafoni kamabatani kaja n'kulalatira mayi amene anayankha, mpaka mayiyo mawu anayamba kunjenjemera. Kumeneko ndiko anamva kuti amene analephera chifukwa cha vuto la bungwe akhoza kulemba mwezi wamawa, bola katswiri achitire umboni. Fomu ija ndi imeneyo. Iwo sanawerenge timalemba ta m'munsi, ine ndawerenga kasanu. Ndime yachisanu ndi chinayi ikuti wolemba mayeso amene wapereka umboni wabodza saloledwa kulembanso kwa zaka zitatu. Ndipo ndikudziwa kuti pulogalamu ija isanadzitseke inatumiza ku bungwe mtundu wa makina amene inawapeza. Ndikasaina, adzaona okha kuti inali foni.

Chondiwawa koposa n'chakuti akunditamanda. Dzulo ndinawamva akuuza mnzawo pafoni kuti, "Amuna anga anayesa chilichonse, ali ndi kope." Akufuna tijambule tsamba la m'kope lija tiphatikize ku fomu. Mwezi wamawa ali nawo kale mumtima, ayambanso kuwerenga.

Nthawi ya nkhomaliro yatha, wina akugogoda kuti pulinta yakana. Ndipitiriza.

Lachinayi, 15 Ogasiti

Achimwene, dzulo nditawerenga zimene ndinalemba pamwambapa ndinaona kuti ndauza munthu wolakwika. Ndinafika kunyumba dzuwa lisanalowe, fomu ili m'thumba, ndinapeza alamu anu akusita yunifolomu pa tebulo la pabalaza. Ndinatsegula kope pa nambala 27, n'kuliika pambali pa simbi, n'kunena zonse, kuyambira bokosi lakuda mpaka ndime yachisanu ndi chinayi. Ndinalankhula ndikuyang'ana mabatani a yunifolomuyo.

Anamaliza mkono umene ankasita. Anaimika simbi, anaizula ku magetsi, n'kukulunga chingwe bwinobwino.

"Mwati masekondi angati?"

"Khumi ndi imodzi."

"Mayeso aja ndi a maola atatu, bambo."

Sanati a Injiniya. Ndinati ndinkaopa kuwakhumudwitsa.

"Ine?" anatero. "Munkaopa aphunzitsi. Munkaopa achimwene anu. Mukanandiuza tsiku lomwelo, ndikanapita kukagogoda pakhomo apa, ndipo sindikanakusekani n'komwe. Chabwino, ndikanakusekani, sabata yathunthu, koma mayeso ndikanalemba." Anakhala pampando. "Ife ku wodi, ukaiwala kupereka mankhwala, suchonga pa tchati kuti wapereka. Umalemba kuti sunapereke, umasaina dzina lako, amakukalipira pamaso pa anthu, koma wobwera pambuyo pako amadziwa chochita. Inu munachonga. Ndiye ine ndikanadziwa bwanji?"



Kenako anati ndiwabwezere foni yawo momwe inalili. Apa mtima unandiuza kuti ndinene kuti ndi ntchito ya theka la tsiku. Koma ndinawauza zoona: pulogalamu yakale ndikhoza kuibwezeretsa, koma loko akathyoledwa pamatsala chipsera mkati chimene sichifufutika, ndipo ya kubanki ndi ya ku chipatala zikhoza kupitiriza kukana mpaka kalekale. Anagwedeza mutu n'kuti, "Imeneyo ndiye mwanena msanga."

Lero m'mawa, asanapite ku ntchito, anaimbiranso ku bungwe ine ndili pomwepo. Anapempha kulankhula ndi mayi uja. Anati, "Ndine namwino uja ndinakulalatirani Lachinayi. Vuto linali la kunyumba kuno, osati lanu. Mundikhululukire, mayi." Sananditchule. Ndikanakonda akananditchula. Fomu anaipinda n'kuiika pansi pa mulu wa mabuku awo, ndipo mapepala a kukhitchini sanawachotse. Chaka chathunthu ndi chimene ndawabera, ndipo ati mpaka Januwale sakufuna kumva mawu oti opaleshoni m'nyumba muno.

Tsopano pempho langa. Ngati laputopu ija ikadalipo, chonde itumizeni, ndipo pa phukusi mulembe dzina lawo, osati langa. Sindiitsegula m'mimba, sindiikamo kanthu. Tsiku loyeserera likadzafika adzakhala iwo pampando, ine chapatali. Mukafuna kundikalipira, imbani Loweruka masana, ndidzakhala ndili ndekha, ndipo sindidzakamba za nyengo. Koma amayi musawauze kaye. Akhala akuuza aliyense wowachezera kuti mpongozi wawo akulowa ku opaleshoni, ndipo ndikufuna ndikawauze ndekha pamaso.

Mupereke moni kwa alamu kumeneko ndi kwa ana onse, wamkulu uja alimbikire masamu. Mwana wathu akukupatsani moni, ndipo wati ndikuuzeni kuti dzino lina lagwa. Aphunzitsi oyandikana nafe nawonso ati moni, ngakhale sanandifunsebe kanthu, amangondiyang'ana mwaulemu.

Makalata anga onse amatha ndi mawu akuti alamu anu akukupatsani moni wambiri, ndipo kawirikawiri ndinkangolemba osawafunsa. Lero ndinawafunsa ali pakhomo, chikwama chili paphewa. Anaima pang'ono n'kuti, "Lembani zimene zilipo." Choncho moni wawo mulibe m'kalata muno. Akuti akuimbirani okha akapeza mawu. Malo ake ndasiya opanda kanthu pansipa.

Ndine mng'ono wanu.