Tadala Asagone Pamphasa

Lachinayi, mwezi wa Juni. Kwazizira, ndipo mtima sunakhale m'malo.

Mwana wanga Tadala wabwera kuchokera kusukulu akunyadira kuti m'sewero la kalasi yawo iye ndiye akhale maliro. Agone pamphasa, amufunditse nsalu, anzake azilira. Mwana yemwe chaka chatha tinagona naye kuchipatala ku Mtengowanthenga! Ndasiya kusankha fodya, ulendo kwa aphunzitsi ake.

"Madamu, kumeneku n'kuitana malodza."

Iwo aseka, n'kundionetsa pafoni mayi wina wa ku America. Akuti wafa kambirimbiri m'mafilimu, koma lero ali ndi imvi, ndipo ndi amene amauza anzake poima ndi zonena.

"Ali moyo ndithu?"

"Alipo, bambo a Tadala, ngonenepa kuposa inu."

Ndati chabwino, wangayo mum'patse ntchito youza anzakeyo, zogona ayi. Avomera.

Pochokera kudimba madzulo ndapeza Tadala pakhonde, kamtengo kali m'manja, atamugoneka mlongo wake Yamikani pamphasa, chitenje cha amake mpaka kumutu.

"Ababa, musasokoneze, wamwalira bwinobwino ameneyu."

Ndamudzutsa mwanayo, mphasa ndakaibisa m'chigafa. Ntchitoyi ndam'pemphera ndekha, ndiye kwa Madamu mawa kaya ndikanena chiyani.