Jekete la Amalume a Goliati

Eriya 36, Lilongwe
18 Seputembala 2016

Achemwali anga okondedwa a Janeti,

Landirani moni wochokera kuno ku Lilongwe. Muli bwanji kumeneko ku Nsipe, inu ndi alamu ndi ana? Nanga amayi, bondo lija likuwalola kutsikira kudimba? Ine ndili bwino, ndipo mawu amenewa muwawerenge kawiri mokweza, chifukwa ndamva kuti kumeneko zikumveka zina. Ndili bwino thupi lonse, ndi mutu womwe.

Ndalemba kalata m'malo moimba foni chifukwa pafoni inu mukangoyamba kuseka sindimaliza nkhani. Komanso ndikufuna muwawerengere amayi ndi amalume a Goliati atakhala pamodzi, popeza amalumewo foni yanga sakuiyankha. Ndapatsira a Kizito, adalaivala a lole ya mbatata aja, pamodzi ndi kaphukusi kamene ndikanene kumapeto.

Ndiyambe pamene zinayambira. Kusaluni kumene ndimagwira ntchito kumabwera mayi wina amene amuna awo, a Silvester, amajambula mafilimu ndi kagulu ka anzawo a kutchalitchi. Tsiku lina anabwera kudzatenga akazi awo, ndipo anandipeza ndikutsanzira mmene mwini nyumba yomwe ndimakhala amayendera akamayendera zimbudzi. Mukudziwa kuti khalidwe limenelo ndinabadwa nalo, ndipo amayi anandikwapulirapo kangapo. A Silvester anaseka mpaka kukhala pampando wochapira tsitsi, kenako anandifunsa ngati ndingakonde kusewera mufilimu yawo. Ndinavomera asanamalize kufunsa.

Mufilimuyo ndine Pauline, mayi wogulitsa tomato, waukhondo ndi wansangala. Mwamuna wake wapita ku Joni ndipo wamuuza kuti atumiza chikwama cha katundu cholembedwa dzina lake. Poyamba Pauline amapita kukafunsa kwa a magalimoto Lachisanu lokha, n'kubwerera kubenchi lake akuseka. Kenako amapita Lachiwiri ndi Lachisanu. Kenako tsiku lililonse, tomato n'kumaola pabenchi. Amayamba kuwerenga mayina pa zikwama za eni ake, kenako pa matumba a chimanga, pa makatoni a sopo, paliponse pamene pali cholembedwa. Anansi ake sazindikira tsiku limene zinasokonekera, chifukwa tsiku lililonse amangoonjezera pang'ono pa zadzulo. Pomaliza sakudziwanso ngakhale mwana wake, ndipo aliyense amene akumana naye amangomufunsa ngati katundu wake wafika.

Ndikuuzeni, achemwali, nkhaniyi inandigwira mtima. Agogo aamuna anapita kumigodi osabweranso, ndiye kudikira kotero si kwachilendo kubanja kwathu, ngakhale kuti kwathu palibe amene anafika pa Pauline. Ndinaikirapo mtima wonse. Milungu iwiri sindinapese tsitsi, zimene kwa munthu wogwira ntchito musaluni n'zochititsa manyazi, moti abwana anandilamula kuti ndizivala duku makasitomala angathawe. Ndipo ndivomere kuti tsiku lina m'minibasi ndinapezeka ndikutembenuza chikwama cha mayi wina kuti ndione dzina. Mayiyo anachikumbatira mpaka kukatsika. Koma gawo limeneli amayi musawawerengere.

Tsopano pali zinthu ziwiri za kajambulidwe ka filimu zimene ine sindinkazidziwa, ndipo amalume sakanazidziwanso. Choyamba, filimu saijambula kuyambira poyamba. A Silvester anati tiyambe ndi mapeto, pamene Pauline wathera, kuti tikamaliza ndipese tsitsi ndibwerere kuntchito bwinobwino. Chachiwiri, anati anthu a pamsika akaona kamera amasiya zonse n'kuyamba kuimika manja ndi kupereka moni kwa abale awo. Ndiye kamera anaibisa patali, pakhonde la pamwamba pa sitolo ina, ine n'kundisokerera kamaikolofoni mkati mwa bulauzi. Anandilangiza kuti zivute zitani, wina anditukwane kapena andithire madzi, ndisasiye kukhala Pauline mpaka nditamva wezulo.

Linali Lachinayi m'mawa, cha m'ma naini, pamsika wa Wakawaka pomwe malole amatsitsira katundu. Anandipaka phulusa losakaniza ndi mafuta ophikira, anandiveka diresi long'ambika ndi silipasi ya mwendo umodzi. Ndinayamba kuyenda pakati pa matumba, kuwasisita, kuwerenga mayina, kufunsa anthu. Ena ankaseka, ena ankathawa, mayi wina anandipatsa nthochi. Zinkayenda bwino moti ndinkadzitama mumtima. Kenako ndinafika pamulu wa matumba a kachewere olembedwa G wamkulu wa penti yofiira. Ndinaganiza kuti chilembocho ndinachionapo kwinakwake. Nditakweza maso, amalume ali chiimire patsogolo panga, chipewa chili m'manja.

Ndani akanadziwa kuti sabata imeneyo abwera okha ndi mbatata? Zaka zonsezi amangotumiza. Anandiitana dzina, ndinakhala chete. Anandiitananso, ulendo uno pa mfunda, Nangozo, mmene amachitira pamwambo. Anandifunsa ngati ndikuwadziwa. Apa ndi pamene ndinalakwa, ndipo ndikuvomera pamaso pa amayi. Ndinaponya diso kusitolo kuja, wezulo sinalire, ndipo mumtima ndinati ndingopirira kamphindi kamodzi, ndiwafotokozera. Ndinawayang'ana m'maso amalume anga enieni n'kunena kuti, “Abambo, katundu wanga wafika?”

Anavula jekete lawo la bulawuni lija n'kundifunditsa. Anandikhazika pathumba, anabalalitsa anthu amene anayamba kuunjikana, wina amene ankandijambula pafoni anatsala pang'ono kulandira khofi. Kenako anandigwira dzanja limodzi kuti ndingathawe, dzanja linalo n'kutulutsa foni. Ine ndinkaganiza kuti akuitana a Kizito. Ayi ndithu. Anaimbira amayi, atangodula anaimbira a Fanizo a ku Biriwiri, ankhoswe a Chrispine, mnyamata wofuna kundikwatira uja. Ndinawamva ndi makutu angawa akunena kuti iwo monga nkhoswe wanga sangabise matenda, mwana wadwala mutu, amupeza akutola zinyalala pamsika. Apo ndiye Pauline anandithawa. Ndinayamba kukuwa kuti amalume ndi filimu, ndi filimu, koma taganizani munthu wa phulusa kumaso, silipasi imodzi, akukuwa kuti ali mufilimu pamalo popanda kamera. Amalume anangogwedeza mutu n'kuwauza a Fanizo kuti akumva okha mmene zilili.

Wezulo inalira zonse zitatha. A Silvester anatsika akuthamanga, nkhope ili mwee, anawagwira dzanja amalume n'kuwathokoza kuti chiyambire kujambula sanaonepo munthu wosewera bwino chotero. Anafunsanso ngati amalume anaphunzira kuti zisudzo. Amalume anayang'ana kamera, anayang'ana ine, anayang'ana anthu a pamsika amene tsopano ankagubuduka ndi phwete. Anavala chipewa, anakakwera kutsogolo kwa lole n'kukweza galasi, jekete n'kulisiya pamapewa panga.

Amayi ndinawaimbira tsiku lomwelo ndipo mukudziwa mmene zinathera, analira, anaseka, kenako anandikalipira. Chrispine naye anaseka mpaka mayunitsi kutha, akuti akufuna kukhala woyamba kuonera. Vuto lili kwa makolo ake. Chinkhoswe chathu chinali pa 15 Okutobala, koma a Fanizo atumiza mawu kuti ayembekezere kaye aone mmene mwana akhalire. Amayi ake a Chrispine akuti misala imabisala m'magazi ndipo imatha kudumphira kwa zidzukulu. Chrispine wayesa kuwafotokozera, iwo akuti mnyamata amene ali m'chikondi saona. Ine ndinapempha kuti ndilankhule nawo pafoni, anakana mwaulemu, akuti wodwala aliyense amati ali bwino. A Fanizo anena poyera kuti nkhani inalowa kudzera kwa nkhoswe, ndiye ituluke kudzera kwa nkhoswe yemweyo, atabwera yekha pakhomo. Sindingawadzudzule, mwambo wake ndi womwewo.

Koma nkhosweyo ndamva kuti chibwerereni ku Lilongwe akungokhalira kumunda, ngakhale pa Nsipe sakufika, poopa kuti anthu awafunsa za filimu. Ndamvanso kuti anauza amayi kuti banja lipeze nkhoswe wina, iwo anyozeka mokwanira, ndipo kuti munthu wabwinobwino sangadzipake phulusa mwadala. Pamenepo mwina akunena zoona pang'ono. Koma masiku akutha, achemwali. Ngati mwezi uno utha a ku Biriwiri osamva kanthu, tsiku lija lidutsa, mvula ibwera, aliyense alowa m'munda, ndipo mbiri yoipa ikagonera dzinja lonse imamera mizu. Ndikuopa, ndinene mosabisa. Chrispine ndimamukonda ndipo sindikufuna kumutaya chifukwa cha mayi amene kulibe.

Lachitatu lapitali a Silvester anandiitana kuti ndikaone zimene tinajambula. Ndinapita ndikukonzekera kuseka, ndipo poyamba ndinasekadi, makamaka pamene mayi wa nthochi uja akundipatsa ali chapatali ngati akudyetsa galu wolusa. Kenako inafika nthawi ya amalume. Kamaikolofoni kaja kanali pachifuwa panga, ndiye pamene ankandifunditsa jekete kanatola zonse zimene ankanena chapansipansi. Tsiku lija sindinazimve chifukwa mtima unali pa wezulo. Ankati, “Usaope, mwana wa mlongo wanga. Abambo anatitayikira kumigodi tili ana. Iwe sutitayikira kuno ine ndikuona. Tipita kwathu.”

Achemwali, ndinalira pamaso pa anthu onse a filimu, ndipo a Silvester nawo anayamba kunamizira chimfine. Anandiuza kuti mmene analembera nkhaniyo, Pauline amathera yekha pamsika popanda womutola. Tsopano akufuna filimu ithere pa jekete, ngati amalume angalole. Akakana, gawolo alichotsa ndipo palibe adzalione, anandilonjeza pamaso pa akazi awo. Ine ndawauza kuti asawafunse kaye, munthu asamalandire nkhani ziwiri tsiku limodzi.

Pempho langa ndi limodzi. Mutenge amayi Lamlungu likubwerali mukatuluka m'tchalitchi, mupite kwa amalume, muwawerengere kalatayi, ndipo muwapemphe kuti akwere njinga apite ku Biriwiri akawauze a Fanizo kuti mwana ali bwino. Inu a Janeti musaseke powerenga. Ndikukudziwani. Mukaona kuti zikukuvutani tulukani panja, mukasekere kuseri kwa nkhokwe, mubwerenso.

Ndipo amalume, popeza tsopano mukumva, ndikulankhula ndi inu. Ndinalakwa kukuyankhani ngati mlendo, ndipo ndikudziwa kuti pepani sapoletsa chilonda, komabe pepani. Inu simunalakwe kanthu. Munaona mwana wanu ali pazinyalala ndipo munachita zimene nkhoswe woona amachita, simunabise. Pamsika paja panali anthu mazanamazana, ena anaseka, ena anajambula, wachifundo anandipatsa nthochi. Amene anavula jekete anali mmodzi. Za nkhoswe wina sindikufuna kuzimva. A Fanizo akakusekani, asiyeni aseke, nanunso museke nawo, kenako muwafunse ngati kubanja kwawo ali ndi munthu amene akanachita zomwezo.

Nkhani zina za kuno n'zochepa. Kwayamba kutentha, madzi akumabwera m'mawa mokha, ndipo tsitsi ndapesa, ndalukitsa bwinobwino. Sabata yamawa tiyamba kujambula chiyambi, pamene Pauline ali bwino, wovala zoyera, akuseka ndi makasitomala. A Silvester akuti gawo limenelo ndi limene lindivute.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti mafuta opaka pabondo ali m'phukusimo. Moni kwa alamu a Elson, kwa ana anu Sungani ndi Atikonda, kwa azakhali a ku Champiti, ndi kwa akazi awo a amalume, amene ndamva kuti ndi okhawo amene sanaseke. Mukaona Chrispine pamsika mumuuze kuti kabichi wake asamugulitse yense, pa 15 padzafunika ndiwo.

M'phukusimo mulinso jekete la amalume. Ndalichapa kawiri, phulusa lonse lachoka, ndalisita, ndipo batani la m'munsi lomwe linali lendelende ndalisokerera. Ku Biriwiri kumazizira m'mawa ngakhale mwezi uno, ndiye akavale popita. Muwauze kuti katundu wawo wafika.

Ndine mng'ono wanu wokukondani, wamutu wabwinobwino,

Nomsa