Khoswe Sazula Babu

Lachinayi, Disembala 1991. Mvula tsiku lonse, ndipo mtima sunakhazikike.

A Jumbe, dalaivala wa a Nampuntha a ku bwalo la ndege, abweretsa galimoto ya ku Jeremani ija kugalaja kwanga. Akuti dzulo pa Lirangwe atagwira buleki, matayala anauma gwa, galimoto n'kutsetsereka. Ili ndi kabokosi koletsa zimenezo, koma kamadalira uthenga wochokera ku tayala lililonse. Ndayeza ndi mita ya magetsi: matayala ena akuyankha, lakutsogolo kumanja lili zii. Nditatsata waya wake, ndamupeza woduka.

"Makoswe amenewo, amisiri," anatero a Jumbe akuseka. "Si timanyamuliramo chimanga?"

Khoswe amatafuna, amasiya nyenyeswa. Uyu wadulidwa bwinobwino ngati ndi lumo. Komanso buku la galimotoyi likuti uthenga ukasowa, nyale yochenjeza iyenera kuyaka. Sinayake. Ndatsegula kuseri kwa chiwongolero, babu mulibe. Khoswe sazula babu.

Ndawafunsa a Jumbe kuti anaigwira komaliza galimotoyi ndani. Kuseka kuja kunatha. "Inu lumikizani waya basi. Zinazo n'za akuluakulu."

Ndalumikiza, ndaikamo babu wina. Loweruka a Nampuntha akupita nayo kumaliro ku Mdeka ndi akazi awo, msewu uli woterera chonchi. Masiku ano ngozi sitiifunsa kumene yachokera. Wofunsa amakayankha kwina. Dzina la munthu wodula wayayo ndilibe, ndili ndi kachidutswa ka waya m'thumba basi. Mawa ndikaonetsa a Nampuntha eni ake kuntchito kwawo, a Jumbe palibe. Koma ngati wodulayo wamva kale kuti ndaona...