Mwendo wa Kabichi

Lolemba, 9 Juni 2025

Tinalipo atatu: ine Lufina, bambo a Ida, ndi mwana wathu Ida amene wabwera pa minibasi kuchokera ku Lilongwe. Wachinayi ndi wodwalayo, kagalu kanga Kabichi, ali m'katoni ya sopo.

Ndilembe bwino kuti ndisaiwale. Njinga yamoto inamugunda Loweruka pa 31 Meyi, pamsewu waukulu wa pa Lizulu, pafupi ndi pomwe ndimagulitsira mbatata ya kachewere. Sanafe, koma mwendo wakumbuyo wakumanzere unangolendewera. Ida amasesa ndi kuchapa pachipatala cha ziweto mumzindamo, ndiye anakapempha adokotala ake. Anamuchita opaleshoni Lachinayi pa 5 Juni.

Ida wandionetsa pa foni chithunzi cha m'kati mwa galu. Mafupa oyera ngati choko, msana wonse mpaka kumchira, osamusenda, ali moyo. Akuti fupa la ntchafu lili ndi kamutu kobulungira kamene kamalowa m'chiuno. Kamutuko kanasweka, ndipo adokotala anakadula n'kukataya. Sanaikemo chitsulo. Sanaikemo kanthu. Ndinafunsa kuti nanga mwendo ugwira pati? Ida akuti mnofu womwewo udzadzimangira pogwira, bola galuyo aziuyendera. Ndaganiza zimenezi tsiku lonse. Thupi lili ndi nzeru zake zimene mwini thupi sazidziwa.

Zimene wandiuza: piritsi theka m'mawa, theka madzulo. Asanyambite bala. Asadumphe. Kuyambira Lachitatu aziyenda pang'onopang'ono tsiku lililonse. Pa 30 Juni abwerere kuchipatala. Akadzapezeka kuti sakuuponda, ndiye kuti mwendowo wafa, uzingokhwekhwereza pansi n'kumachita zilonda, ndipo adzaudula.

M'khosi amuveka chipulasitiki chotambalala kuti asafike pabala. Bambo a Ida anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Dishi imeneyi ikugwira matchanelo angati?" Anaonjeza kuti iwo dzino likuwapweteka chaka chachitatu, koma ku fiyeta kwapita galu.

Lachiwiri, 10 Juni

Ida wabwerera ku Lilongwe m'mawa. Kabichi wadya phala lothira dzira, piritsi ndinabisa m'kati. Pomwe anamumeta pali khungu losalala ngati la mwana wakhanda. Ulusi wosokera ndi wabuluu, ndipo asoka bwino kuposa telala wa pamsika.

Lachitatu, 11 Juni

Ndinamuimiritsa pakhonde monga ananenera Ida. Anaima ndi miyendo itatu, wachinayi ataukweza m'mwamba. Nditagwira phazi kuti ndilitsitse pansi analira. Sikunali kuuwa ayi, kunali kulira kwenikweni, akundiyang'ana m'maso. Ndinalisiya phazilo.

Bambo a Ida anali pampando akusongola khasu. Anati, "aNangozo, mwaona kuti wodwala akuyendetsedwa bala lisanapole? Mbuzi yathu ija inathyoka mwendo tinaimangirira mwezi wathunthu, lero si iyo ikudya chimanga cha anthu?" Amanditchula aNangozo akafuna kuti ndiwamvere. Ndipo n'zoona, mbuziyo inachira chifukwa chokhala phee. Ida ndi mwana, mwina sanamve bwino Chingerezi cha adokotala.

Tagwirizana kuti ayambe wapola, kuyenda adzayenda. Koma akatsala yekha m'nyumba amalira. Ndiye ndatenga chitenje changa chofiira ndamubereka kumsana, mwendo wodwalawo ndaupinda bwinobwino. Wagona nthawi yomweyo. Mtima wake ndimaumva ukugunda pamsana panga, mofulumira kuposa wa munthu.

Loweruka, 14 Juni

Tsiku la msika. Ndapita naye ali kumsana, chipulasitiki chikusuzumira paphewa. Anyamata okweza matumba aseka mpaka wina anakhala pansi. Amayi ena ochokera tsidya la Mozambiki anabwera kudzaona mwana, atapeza mphuno yakuda anabwerera m'mbuyo.

A Zuleka, amene amagulitsa mandasi pabenchi yoyandikana ndi yanga, anasuntha beseni lawo kaye. Iwo galu samukhudza, ndi mwambo wa chipembedzo chawo, ndipo Kabichi anazolowera kuwalambalala. Anati, "Amayi a Ida, mwana wachisanu ameneyu mwatibisira bwanji? Dzina lake ndani, tikagule sopo?" Ndinawafotokozera za kamutu ka fupa kamene kanatayidwa. Anasiya kuseka. Anafunsa kawiri kuti, "Ndiye m'katimo mulibe kanthu?" Ndinati mulibe. Anapukusa mutu n'kunena kuti Mulungu ndi wamkulu.

Kachewere wayenda bwino, zidebe zonse zatha dzuwa lisanapendeke.

Lachiwiri, 17 Juni

Chifunga mpaka masana, kuzizira kolowa m'mafupa. Kabichi sanatsike kumsana kupatula pofuna kudzithandiza. Bala lauma.

Lachinayi, 19 Juni

Alangizi a ziweto abwera pa njinga kudzachotsa ulusi. Ndinagwira mutu, iwo akudula ndi kasizasi n'kumasolola umodziumodzi. Magazi sanatuluke. Khungu limene anthu analing'amba ndi mpeni lagwirana lokha, patsala kamzere kofiirira basi. Ndinadutsitsapo chala.

Chipulasitiki tachichotsa. Kabichi anadzikanda m'khutu ndi mwendo wabwinowo mpaka kugwa chammbali.

Lachisanu, 20 Juni

Tsiku loipa.

Ida anaimba foni yoonana nkhope kudzera pa foni ya a Zuleka, chifukwa yanga ndi yamabatani. Anati ndimuonetse akuyenda. Ndinatembenuka kuti aone kumsana.

Kenako anati, "Amayi, mwamubereka kuyambira liti?" Ndinamuuza. Anati, "Mayi anga inu, mukuupha mwendowo." Sanakuwe. Akanakuwa zikanakhala bwino. Ndinayamba kunena za mbuzi, iye anati mbuzi inali ndi fupa lofunika kulumikizana, koma uyu alibe choti chilumikizane. Mnofu ndiwo fupa lake tsopano, ndipo mnofu ukagona umatha.

Anandiuza kuti nditenge chingwe ndiyeze ntchafu zonse ziwiri. Ndayeza nditafika kunyumba. Yakumanzere yachepa ndi zala ziwiri zathunthu. Ndabwereza katatu, ndi momwemo. Ine ndimamunyamula tsiku lililonse osaona.

Bambo a Ida atamva anatuluka kukayang'ana mbuzi zimene zinali kale m'khola.

Atsala masiku khumi.

Loweruka, 21 Juni

Sindinapite kumsika. Ndachita zonse monga Ida anafunsira kwa adokotala. Choyamba nsalu yoviika m'madzi ofunda pachiuno. Kenako kumugoneka chammbali, kugwira mwendo, kuupinda ndi kuuwongola ngati akupalasa njinga. Poyamba walira, ndipo wandigwira dzanja ndi mano, osaluma, kungondichenjeza. Ndinamuuza kuti pepa mayi, pepa, koma sindinasiye. Chitenje chofiira ndachichapa n'kuchitsekera m'sutikesi kuti asachione.

M'kati mwa chiuno ndimamva kanthu kakusuntha pansi pa chala changa, kofewa, ngati mtanda wa mandasi. Pamenepo ndi pamene panali fupa.

Masana anabwera kudzakanda miyendo yanga kuti ndimunyamule. Ndinayang'ana kudenga.

Lamulungu, 22 Juni

Kutchalitchi ndinapempherera galu. Sindikudziwa ngati n'zololedwa. Sindinauze munthu.

Lolemba, 23 Juni

Ida akuti galu akathamanga amabera, amadumpha ndi itatu. Ayende pang'onopang'ono, pokwera, ndi pamene amakakamizika kutsitsa wachinayi. Ndaganiza za dimba lathu la kachewere, lili pamtsetse, ndipo mizere yake ndi yaitali kwa kagalu ngati iye.

Ndinamusiya kumunsi kwa dimba, ine n'kuyamba kukwera modula mizere. Anayamba kulira. Sindinacheuke. Pa ana anga onse anayi palibe amene ndinamusiyapo akulira chonchi. Ndinkaponda mzere uliwonse mochedwa. Kenako kulira kunasiya, ndinamva kupuma kumbuyo kwanga.

Nditafika pamwamba ndinapeza ali pafupi, lilime panja, mwendo uli m'mwamba ngati kale. Ndinakhumudwa. Koma potsika ndinayang'ana m'dothi lomwe tinathirira dzulo. Mapazi atatu akuya, ndipo pambali pake, pamzere uliwonse, kachizindikiro kakang'ono ka zikhadabo zokha. Wakhala akugunditsa nsonga ya phazi pokwera mzere. Ndinagwada kuti ndione bwino. Ndinaitana bambo a Ida, anabwera ndi khasu paphewa, anawerama, anati, "Mwina ndi mbewa." Koma anakhala chiweramire nthawi yaitali.

Lachitatu, 25 Juni

Dimba m'mawa, dimba madzulo. Kachizindikiro kaja kakukula, tsopano kukuoneka zala za phazi.

Pochokera kotunga madzi ndinamva mawu kuseri kwa nyumba. Bambo a Ida amugoneka Kabichi pa thumba, agwira mwendo ndi manja awo okhakhala aja, akupinda ndi kuwongola mosamala ngati akugwira dzira. Akumuuza kuti, "Palasani amayi, palasani. Tikafike ku Balaka lero." Atandiona anati amangochotsa nkhupakupa. Ndinati zikomo pochotsa nkhupakupa.

Lachinayi, 26 Juni

Chingwe chikuti zala ziwiri zija zatsala chimodzi ndi theka. Kapena ndikukoka chingwecho mokondera. Ndawapatsa bambo a Ida kuti ayeze okha, apeza chimodzimodzi.

Lachisanu, 27 Juni

Pabwalo waponda kangapo motsatizana, kenako waukwezanso. Ndamuuza Ida. Wasangalala, koma akuti adokotala safuna kungogunditsa, akufuna aone kuti mwendo ukusenza thupi. Ndamufunsa kuti akapanda kukhutira adula tsiku lomwelo? Akuti sakudziwa. Mawu ake anali otsika.

Madzulo ndinakhala naye pamkeka ndikusisita phazi limenelo. Ndi laling'ono ngati kachewere wambewu. Zikhadabo zake zatalika kuposa za mapazi ena chifukwa chosayenda. Galu wa miyendo itatu amakhala moyo, ndikudziwa, ku Champiti ndinamuonapo wina. Koma adokotala anachita mbali yawo bwinobwino. Mwendo uwu ukapita, udzapita chifukwa cha chitenje changa.

Loweruka, 28 Juni

Amene analipo ndi a Zuleka, anyamata awiri okweza matumba, kasitomala wina wa pa basi, ndi ine. Ndikulemba mayina kuti wina asadzati ndinalota.

Ndinapita naye kumsika pansi, pa chingwe, ulendo umene umatenga nthawi yochepa unatitengera pafupifupi ola. Ndinamumangirira kumwendo wa benchi yanga. Phala m'mawa ndinamupatsa lochepa chifukwa ndinafulumira. Basi yaikulu itaima tonse tinathamangira kumawindo, ine ndi chidebe, a Zuleka ndi mandasi m'timapepala. Mfundo yanga iyenera kuti inali yosalimba.

Pobwerera ndinaona. Kabichi waima pa benchi ya a Zuleka. Miyendo yakutsogolo ili pamwamba pa benchi, mutu uli m'beseni, ndipo pansi aimira iwiri yakumbuyo. Yonse iwiri. Wakumanzere uli nganganga m'fumbi, ukunjenjemera pang'ono, koma wasenza. Kenako ananyanyamphira kuti afike ndasi la pakati, n'kusuntha wakumanja, ndipo kwa kanthawi thupi lonse linali pa mwendo umene ulibe mutu wa fupa.

Ndinayenera kumukalipira. Koma ndinangoima, chidebe chili m'manja. A Zuleka anali pambali panga. Anatukula dzanja kuti amuthamangitse, dzanjalo linaima m'malere. Anandinong'oneza kuti, "Ndi womwe uja?" Ndinati ndi womwewo. Anati, "Musiyeni kaye, tione."

Tinaonerera. Mnyamata wina anavula chipewa, sindikudziwa chifukwa chake. Kabichi anakoka beseni, linapendekeka, mandasi onse n'kugubudukira m'fumbi. Iye anatsika, anatola limodzi, nabwera nalo kwa ine akuyenda ndi inayi, motsimphina, mchira ukugwedezeka.

A Zuleka anaimbira Ida okha. Anati, "Mng'ono wako wachira, ndipo ndi wakuba." Ndinamva Ida akuseka ndi kulira pamodzi. Akuti Lolemba tibwere ndithu, koma adokotala akangomva zimenezi mpeni aubweza m'kabati.

Kenako a Zuleka anakhala pansi n'kuwerenga. Mandasi okhudzidwa ndi galu sangagulitse, ngakhale amene sanagwe, ndipo beseni akalitsuka mwa mwambo wawo. Analipo 34, lililonse K250, pamodzi K8,500. Anati tigawane pakati poti nawonso anati timusiye. Ndinakana. Galu ndi wanga, mfundo inali yanga.

Ndapereka K3,000. Yatsala K5,500.