Masofa Anga Sakuoneka pa Google

Aphungu,

Ine ndine mmisiri wa masofa, ndipo sindikunama, munthu akakhala pampando wanga amaiwala kuti ali ndi kwawo. Wina anangobwera kudzafunsa mtengo, tinachita kumudzutsa. Koma lero ndatopa, Aphungu, ngakhale nyundo ikundilemera.

Mlamu wanga, mchimwene wa mayi a kunyumba, anandipangira webusaiti, mpando uliwonse ndi tsamba lake. Vuto ndi mnzanga wa kutsidya kwa msewu, timamutcha Kalondolondo. Akangoona mpando wanga, mawa lake wakhoma wofanana, kungoti miyendo yopindika. Ndiye ndinauza mlamu kuti, "Patsamba loyamba musiye nkhope yanga ndi nambala ya foni basi. Tinjira tonse topita ku masofa mufufute."

Tsopano munthu akafufuza masofa pa Google, akutuluka ndi a Kalondolondo. Kwa ine ikutuluka nkhope yokha, kumwetulira ngati ndimagulitsa mano. Masofa adzaza shedi, ena alowa m'nyumba mpaka kukhitchini. Nditakalipira mlamu kuti sukulu yake inapita m'madzi, mayi a kunyumba anati, "Mwanyoza mchimwene wanga? Masofa ndi ambiri, sankhani wogonapo." Mpaka lero chitseko cha kuchipinda n'chokhoma. Kodi ndipeze wina wodziwa ntchito?

W. M., kuseri kwa msika

Bambo W. M.,

Mlamu wanu alibe mlandu, anachita zimene munalamula. Google imatumiza kaloboti, kapulogalamu ka pakompyuta koyenda tsamba ndi tsamba potsata malinki, tinjira timene munafufutitsa tija. Kakafika pankhope yanu kamapeza khoma n'kubwerera. Tsamba limene sikanalione, Google singalisonyeze kwa munthu.

Yambani ndi kupepesa, kwa mlamu komanso kwa mlongo wake. Kenako mumupemphe apange saitimapu. Imeneyi ndi fayilo yokhala ngati mapu, yolembamo maadiresi a masamba anu onse, kuti kalobotiko kadziwe kopita ngakhale kosazolowera. Aipereke ku Google, ndipo tsamba latsopano lililonse lizilowamo. Malinki aja awabwezeretsenso, chifukwa mapuwo ndi a kaloboti, wogula sayenda nawo.

Chenjezo langa: saitimapu imangolozera njira, sikulonjeza kuti mukhala pamwamba, ndipo sizichitika tsiku limodzi. Musakakalipirenso munthu mawa. Kalondolondo adzaonadi masofa anu, zimenezo muzimeze. Mpando umene iye sangauone, wogula sangauonenso.