Matayala a mvula

Lolemba, 18 Novembala

Galimoto yanditerera m'mawa pa raundabauti ya ku West Bromwich. Mvula ya kuno ija, yosamveka padenga. Ndaponda buleki, chiwongolero chapepuka m'manja, galimoto n'kumangopita yokha mpaka yakaima chopingasa pafupi ndi chitsulo cha m'mbali. Wa vani kumbuyo waimba huta, wandizungulira, wapita.

Ndaiwongola galimoto, ndaibwezera mu msewu. Kenaka ndapitiriza, ma client asanu ndi awiri amadikira kusambitsidwa ndi kupatsidwa mankhwala. Tsiku lonse sindinauze munthu. Ndikanauza ndani?

Lachiwiri, 19

Ku garaja ya ku Smethwick. A Abdul, eni ake, apapasa matayala akutsogolo n'kupukusa mutu, ati mizere yatha. Anditulutsira awiri. Lina lolimba, limakhalitsa, mwina zaka zinayi, koma pamadzi silithandiza kwenikweni. Lina lofewa, limagwira msewu ngakhale pa mvula, koma ndi mayendedwe angawa zaka ziwiri sizikwana. Mtengo sukusiyana kwenikweni.

"Musankhe nokha, sister."

Ndati ndibweranso.

Ndaimbira bambo a Twambi ku Area 25. Anali mu minibasi, phokoso lokhalokha. "Gulani okhalitsawo, muziyenda pang'onopang'ono basi." Za kuterera sindinanene. Twambi anali kusukulu. Mphindi zitatu, foni yaduka.

Lachitatu, 20

Kwa a Rowland. Zaka 84, amakhala okha, anayendetsa malole moyo wawo wonse. Mwa ma client onse ndi iwo okha amene anaphunzira kutchula dzina langa, Ndaziona, bwinobwino, ngakhale nthawi zambiri amangoti "bab", momwe anthu akuno amaitanira munthu amene amamukonda.

Ndikuwameta ndevu ndapezeka ndafotokoza zonse, za raundabauti zomwe. Alanda thaulo, ati ndiwapatse chogwirira chawo choyendera. Ndakana, kunja kumazizira, komanso ofesi itamva ndingaone zakuda. Sanamve. Kuchoka pakhomo kufika pamsewu tatenga mphindi khumi, iwo mu silipasi, ine nditawagwira lamba.

Aweramira tayala, alisisita ndi chala chachikulu nthawi yaitali.

"Amene wakuuza za okhalitsa uja anayendetsapo pa msewu wa kuno mu Disembala?"

Ndati ayi, ndi amuna anga, sanafikeko kuno.

Angoti hmm. Tikubwerera ati: "Tayala likatha umagula lina, bab. Ndinatolapo anthu pamsewu ine."

Tiyi wawo anali atazizira. Ndawapangira wina, ndachedwa kwa client wotsatira.

Lachisanu, 22

Zaka zinayi. Twambi adzakhala ali Fomu 2. Sindikudziwa chifukwa chake ndakhala ndikuwerengera zimenezi pa nkhani ya matayala.

Loweruka, 23

Ndagula ofewa aja. A Abdul amanga onse anayi ine nditakhala pa benchi pafupi ndi hita. Pobwerera mvula inali yambiri, galimoto imamvera, ndikakhota nayonso imakhota. Ndinaseka ndekha pa maloboti.

Bambo a Twambi afunsa pa meseji ngati ndagula. Ndayankha kuti eya. Sanafunse kuti ati. Kwa nthawi yoyamba chikwatiwireni ndachita chinthu chachikulu mosiyana ndi mawu awo, ndipo palibe amene akudziwa.

Lolemba, 25

Dzina la a Rowland palibe pa rota, ndandanda ya ntchito ya sabata ino. Ndimayesa alakwitsa, ndiye ndapitabe pa nthawi yanga yopuma, ndayimika galimoto pomwe angaione ali pawindo. Makatani otseka. Kabokosi ka pakhomo kamene timatengamo makiyi kopanda kanthu.

Ndaimba ku ofesi. Shanice wati anagwa kubafa Loweruka, sanathyoke pena paliponse, koma mwana wawo Ann wawapititsa kunyumba yosungira okalamba ku Wolverhampton. Sabwereranso. "Takupatsa client wina pa nthawi imeneyo," basi, foni ina imalira.

Miyezi khumi ndi inayi ndikuwameta ndevu.

Lachinayi, 28

Client watsopano safuna kulankhula. Amaloza ndi chala.

Lamulungu, 1 Disembala

Sindinapite kutchalitchi. Ann nditamulembera anandiyankha mwaulemu, ati aliyense atha kukawaona.

Mvula njira yonse mpaka ku Wolverhampton. Polembetsa pakhomo, mtsikana wa pa desiki wafunsa kuti ndine ndani wawo. Ndinalibe yunifolomu, ndinalibe baji. Iye walemba yekha kuti mnzawo.

Ndawapeza m'chipinda chochezera, atakhala kumapeto, TV ikulira popanda woonera. Ndevu zamera, wina anawameta mbali imodzi mothamanga. Andiyang'ana nthawi yaitali moti ndinayamba kuopa kuti andiiwala.

"Wachedwa, bab."

Ndawauza kuti ndinagula ofewa aja. Afunsa ngati anamanga onse anayi, afunsa mpweya, ati ndiziyeza sabata iliyonse matayala asanatenthe. Ndayang'ana wotchi mwachizolowezi, n'kukumbukira kuti lero palibe kwina kondidikira.

Mayi wa tiyi wafika ndi kangolo kake. A Rowland akweza zala ziwiri.

"Vula jekete," atero.

Ndavula.